Tigalasi ta Chinangwa: Phunziro la Banja Lonse pa Pulasitiki Wobwerera ku Dothi

Amene anaphapo mbuzi m'mwezi wa Okutobala, makamaka yodyera pafupi ndi msika wa Katete kapena wa Sinda, akudziwa zimene nthawi zina zimapezeka m'chifu. Pakati pa msipu wosagayika pamakhala chimpukutu cha mapepala a pulasitiki, opotana ndi olimba ngati chingwe. Mwini mbuziyo amakhala atadabwa kwa miyezi ingapo kuti chiweto chake chikuwonderanji pamene mimba ili yotupa, ndipo kawirikawiri amakhala atataya ndalama pa mankhwala a njoka za m'mimba amene sanaphule kanthu. M'chilimwe msipu ukasowa, mbuzi ndi ng'ombe zimatola chilichonse chonunkhira mchere kapena mafuta. Pepala likalowa m'chifu siligayika. Limatseka malo a chakudya, ndipo chiweto chimafooka ndi njala ngakhale chikudya tsiku lililonse.

Phunziro la mwezi uno likuyambira pamenepo. Tiphunzira kupanga pulasitiki wathuwathu kuchokera ku chinangwa, ndi kumuumba kukhala tigalasi tokongola topachika pawindo kapena pakhonde, timene timawala dzuwa likadutsamo. Ndi ntchito ya manja imene agogo, makolo ndi ana angagwirire limodzi masana amodzi. Mkati mwa ntchitoyi muli maphunziro atatu ofunika kwa mlimi: kudziwa chimene pulasitiki ali, kudziwa chifukwa chake wina amawola pamene wina sawola, ndi kuzolowera kuyesa chinthu mwadongosolo tisanachikhulupirire.

Kumene pulasitiki anachokera

Pulasitiki woyamba sanapangidwe kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka. M'chaka cha 1862, Alexander Parkes anaonetsa mumzinda wa London chinthu chotheka kuumbidwa chimene anachipanga kuchokera ku ulusi wa zomera. Mu 1907 Leo Baekeland, ku America, anapanga pulasitiki woyamba wochokera ku mankhwala okhaokha, ndipo mu 1933 akatswiri a ku England anatulukira mtundu umene lero umapanga matumba a kumsika ndi machubu a kunazale. Pulasitiki wa mafutayu anapambana chifukwa ndi wotchipa, salowa madzi, ndipo sawola. Ubwino womwewo ndiwo wasanduka vuto lathu. Tizilombo ta m'dothi timene timawoletsa mapesi ndi ndowe sititha kumudya. Dzuwa limangomuphwanya kukhala tizidutswa ting'onoting'ono timene timatsalira m'munda zaka zambirimbiri.

Boma la Zambia linakhazikitsa lamulo la nambala 65 la chaka cha 2018, limene bungwe la ZEMA limayang'anira. Lamuloli linaletsa matumba opyapyala a pulasitiki osafika mamaikuloni 30, ndipo maikuloni imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Anansi athu a ku Malawi, amene abale a ku Vubwi amagulana nawo malonda tsiku ndi tsiku, anaika malire awo pa mamaikuloni 60 m'chaka cha 2015. Dziko la Rwanda linaletsa matumbawa mu 2008, ndipo la Kenya mu 2017. Malamulo alipo ndithu, koma lamulo silitola pepala kuseri kwa khola. Ntchito imeneyo ndi ya pakhomo, ndipo imayenda bwino pamene ana akumvetsa chifukwa chake.

Chinsinsi chili m'nkhali

Amene anadyapo nsima ya kondowole akudziwa kuti imatamuka ndi kumata kusiyana ndi ya chimanga. Chimachititsa zimenezi ndi sitachi, ufa woyera woterera umene chomera chimasungiramo chakudya chake. Sitachi amapangidwa ndi tinsinga tatitali ta shuga tolumikizana, tina towongoka ndi tina tanthambi, tosaoneka ndi maso. Pulasitiki aliyense, wa mafuta kapena wa zomera, ndi tinsinga totere tolukanalukana.

Sitachi akakhala m'madzi ozizira amangodikha pansi. Madzi akatentha kufika madigiri apakati pa 60 ndi 70, timibulu ta sitachi wa chinangwa timafufuma ndi kuphulika, tinsinga tija timamasuka, ndipo madzi oyera ngati mkaka amasanduka phala loonekera mkati. Phalali likayalidwa mopyapyala ndi kuuma, tinsinga timagwirananso n'kukhala chipepala. Sitachi wa chinangwa amaposa wa chimanga pa ntchito imeneyi chifukwa phala lake limayera ngati galasi, pamene la chimanga limakhala lambuu.

Pali zinthu ziwiri zothandizira. Choyamba ndi gilisalini, yemwe uja timadzola m'nyengo yachisanu. Iye amalowa pakati pa tinsinga ndi kusunga chinyontho pang'ono, kotero kuti chipepala chimapindika osathyoka. Gulani gilisalini weniweni, wosasakaniza ndi mafuta ena odzola. Chachiwiri ndi viniga woyera, amene amathandiza kuti phala likhale losalala ndi loyalika bwino.

Kukonza sitachi

Kwathu kuno chinangwa sichilimidwa kwambiri monga ku Luapula, koma mabanja ambiri ali ndi mizere ingapo ya Manyokola m'mphepete mwa munda kapena kudimba. Mizu iwiri kapena itatu ndi yokwanira. Sankhani yothyoka pokumba kapena yaing'ono yosagulitsika, kuti chakudya cha banja chisachepe. Kandolo ndi mbatata ya kachewere nazonso zimatulutsa sitachi mwa njira yomweyi.

1. Sendani chinangwa, chitsukeni, ndi kuchidula tizidutswa.
2. Sinjani mumtondo mpaka chikhale chofewa ngati phala, kapena chipaleni pa chitini choboola ndi msomali.
3. Thirani madzi oyera, takasani bwino, ndipo finyani pa nsalu yoyera kuti madzi oyerawo agwere m'beseni. Bwerezani kawiri ndi zotsalira zomwezo.
4. Siyani beseni pamalo osagwedezeka kwa maola atatu kapena anayi. Sitachi adzadikha pansi n'kulimba.
5. Tsanulani madzi apamwamba mosamala. Thiraninso madzi oyera, takasani, ndi kudikiranso kuti adikhe. Kutsuka kwachiwiriku ndiko kumayeretsa kagalasi.
6. Yanikani sitachi pa thireyi mpaka aume, kenaka mufikiseni ndi zala akhale ufa.

Kilogalamu imodzi ya chinangwa chachiwisi imapatsa sitachi wokwanira tigalasi toposa khumi.

Chenjezo lalikulu lili pa madzi otsanulidwa aja. Chinangwa chili ndi poizoni wachibadwa amene amatuluka muzu ukasinjidwa, ndipo ambiri amapita m'madziwo. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni wochuluka, koma chozuna nachonso chili naye pang'ono. Madziwo atayidwe m'dzenje ndi kukwiriridwa, pamene mwana, mbuzi, nkhumba kapena nkhuku sizingamwe. Sinjirani panja pamene pali mphepo, ndipo mtondo utsukidwe bwino mukatha.

Maluwa, masamba ndi utoto

Gawo ili ndi la ana, ndipo liyambe sabata imodzi tsiku lophika lisanafike. Atumeni akatole zinthu zopyapyala: masamba a chammwamba, timasamba ta msangu, ngayaye za udzu, maluwa a nyemba ndi a khobwe, ndi maluwa ofiira aja a bougainvillea opezeka pa masukulu ndi pa matchalitchi. Duwa lonenepa monga la mpendadzuwa lithotholedwe, mutenge timasamba take tachikasu tokha. Ana asatole Lantana, nsatsi, kapena chomera chilichonse chotuluka utomoni woyera ngati mkaka.

Yalani zotoledwazo pakati pa mapepala a nyuzipepala, ikani thabwa pamwamba ndi njerwa ziwiri, ndipo muzisiye masiku asanu ndi awiri. Duwa lachiwisi likalowa m'phala limatulutsa madzi, limada, ndipo limachita nkhungu. Pamene ana akutola, agogo awauze dzina la chomera chilichonse ndi ntchito yake. Mwana wodziwa kuti msangu umayoyola masamba m'dzinja ndi kudyetsa chimanga chomera pansi pake sadzaudula mwachisawawa akadzakula.

Utoto umachokera m'madzi ophikira. Zikhokho zofiira za chidede, chimene ambiri kuno amati lumanda, zikawiritsidwa zimapatsa madzi ofiira. Makoko ouma a anyezi amapatsa mtundu wagolide. Sefani madziwo pa nsalu ndi kuwasiya azizire musanawagwiritse ntchito. Utoto ukhale wopepuka, pakuti ukachuluka kuwala sikudutsa. Dziwaninso kuti utoto wa zomera umasuluka ndi dzuwa pakapita masabata angapo. Utoto wa makeke wogula m'sitolo umakhalitsa, ndipo madontho awiri ndi okwanira.

Kuphika ndi kuumba

Muyeso wa kagalasi kamodzi kakakulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu, kapena tiwiri tating'ono, ndi uwu:

- supuni yaikulu imodzi ya sitachi, yosasefukira
- masupuni aakulu 6 a madzi ozizira, oyera kapena autoto
- supuni ya tiyi imodzi ya viniga
- theka la supuni ya tiyi ya gilisalini

Choumbiramo chabwino ndi chivundikiro cha pulasitiki chosalala, monga cha chidebe chaching'ono kapena cha botolo la chiponde. Chipepala chimamatuka mosavuta pa pulasitiki kusiyana ndi pa chitsulo. Musagwiritse ntchito chivundikiro cha botolo la mankhwala a thonje, a dibi kapena a mbewu, ngakhale chitatsukidwa chotani.

Sakanizani zonse zinayi m'kapoto musanaike pamoto, mpaka timibulu tonse tithe. Ikani pa mbaula ya makala ochepa, moto wofatsa, ndipo takasani osalekeza. Kwa mphindi zingapo zidzaoneka ngati palibe chikuchitika. Kenaka mwadzidzidzi phala lidzalimba, ndipo kuyera kwa mkaka kudzayamba kuchoka. Pitirizani kutakasa pang'onopang'ono kwa mphindi imodzi kapena ziwiri mpaka lonse liziwonekera mkati, ndipo phulani. Kutakasa mwaphuma kumalowetsa thovu limene limatsalira m'kagalasi.

Pamoto pakhale munthu wamkulu yekha. Phalali limamata pakhungu ndipo limaotcha kuposa madzi owira. Likagwera munthu, thirani madzi ozizira pamalopo kwa nthawi yaitali.

Yalani theka la phala m'chivundikiro ndi kumbuyo kwa supuni. Ana aike maluwa ndi masamba mmene akufunira, pogwiritsa ntchito kamtengo, osati zala. Ikaninso kachingwe ka khonje kopinda pakati, nsonga zake zili m'phala ndipo kopindako kali kunja, kuti kadzakhale kopachikira. Phimbani ndi phala lotsala. Zonse pamodzi zisapose kunenepa kwa timitengo tiwiri ta machesi. Chitani zimenezi mwachangu, pakuti phala likazizira siliyalika.

Umitsani pamthunzi podutsa mphepo, pamwamba pamene nkhuku ndi fumbi sizifika. Dzuwa lachindunji limaumitsa pamwamba mkati muli mwamadzi, ndipo kagalasi kamang'aluka. M'nyengo yotentha ndi youma masiku atatu kapena anayi amakwana. Mu Juni ndi Julayi yembekezerani mpaka sabata. M'mphepete mukayamba kudzuka mokha, matulani pang'onopang'ono, tembenuzani, ndi kuumitsa tsiku limodzi. Kakapindika, kaikeni pakati pa mapepala ndi kukatsindika ndi thabwa usiku umodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ambiri amawononga ntchito yawo pa tsiku lachiwiri chifukwa chofuna kumatula msanga.

Nthawi yabwino ndi tchuthi cha Ogasiti, pamene zokolola zili m'nkhokwe, ana ali pakhomo, ndipo mpweya ndi wouma. Mvula ikayamba mu Novembala, phala limachita nkhungu lisanaume.

Zikavuta

Kagalasi kakathyoka ngati chigoba cha dzira, gilisalini anachepa. Kakamanata m'manja ngakhale patapita sabata, gilisalini anachuluka. Kakakhala koyera kosadutsa kuwala, phala linaphulidwa lisanapse kapena sitachi sanatsukidwe kawiri. Kakang'aluka pakati, kanali konenepa kwambiri kapena kanaumira padzuwa. Madontho akuda kapena obiriwira ndi nkhungu, ndipo gwero lake ndi duwa losauma kapena chipinda chopanda mphepo. Palibe chotayika pa zolephera zimenezi. Ziponyeni pa mulu wa kompositi, ndipo lembani m'kope chimene chinalakwika.

Zoyesera ziwiri

Amene munaphunzira pano mukukumbukira lamulo la munda woyesera: sinthani chinthu chimodzi chokha, zina zonse zikhale zofanana. Lamulo lomwelo ligwire ntchito m'khitchini.

Choyesera choyamba ndi cha gilisalini. Phikani miyeso itatu yofanana pa zonse, koma woyamba ukhale wopanda gilisalini, wachiwiri ukhale ndi theka la supuni ya tiyi, ndipo wachitatu ukhale ndi supuni imodzi ndi theka. Lembani nambala pa chivundikiro chilichonse. Zikauma, ana apinde chilichonse ndi kunena chimene aona. Mwana amene wachita zimenezi sadzavutika kumvetsa chifukwa chake poyerekeza mbewu ziwiri za chimanga timazibzala tsiku limodzi, m'nthaka imodzi, ndi manyowa ofanana.

Choyesera chachiwiri ndi cha dothi. Dulani chidutswa cha pulasitiki wa chinangwa ndi chidutswa chofanana cha thumba la kumsika. Kwirirani zonse ziwiri m'dothi lachinyontho la kudimba, kuya kwa chikhatho chimodzi, ndi kuzika kamtengo pamalopo. Thirirani monga mumathirira ndiwo. Fukulani pakatha masabata awiri, kenaka anayi. Cha chinangwa mudzachipeza chofewa, chodyeka, mwina chitatheratu, chifukwa tizilombo ta m'dothi timadziwa sitachi ngati chakudya. Cha kumsika chidzatuluka chodetsedwa chabe. Musachikwirirenso. Mwana achitsuke ndi kuchikhoma pakhoma pafupi ndi kagalasi kake, kuti aliyense wofunsa auzidwe nkhani yake.

Malire a pulasitiki ameneyu

Tinene zoona kuti pasakhale wokhumudwa. Pulasitiki wa chinangwa wopangira pakhomo amaopa madzi. Sangasunge mchere, shuga kapena mbewu, ndipo sangakhale chubu cha kunazale, pakuti adzasungunuka mbande isanamere bwino. Nyerere, mphemvu ndi makoswe zimamudya. Si chakudya, ndipo ana aang'ono asamuike m'kamwa. Kagalasi kopachikidwa pouma kamatha miyezi ingapo, koma m'dzinja kamafewa ndi kupindika. Si ntchito yoti munthu agulitsire mbuzi kuti apeze mpamba. Phindu lake lili m'zimene banja laphunzira.

Chenjeraninso ndi matumba a m'masitolo olembedwa kuti amawola. Ena amapangidwadi kuchokera ku zomera, koma amafuna kutentha kwa kompositi wa kufakitale kuti awole. Ena ndi pulasitiki wa mafuta yemweyo wothiridwa mankhwala oti aziphwanyika msanga, ndipo tizidutswa take timatsalabe m'nthaka. Choyesera cha dothi chija chingakuuzeni zoona za thumba lililonse.

Njira zochepetsera pulasitiki pamunda zilipo kale pakati pathu. Pamene akatswiri a ku Msekera, pafupi ndi Chipata, ankafalitsa mitengo yobwezeretsa chonde monga Sesbania, kunapezeka kuti mbande zofesedwa pa bedi lokwera ndi kuwokeredwa zopanda chubu zimagwira bwino zikawokeredwa pa tsiku la mvula. Machubu amene muli nawo ang'ambeni mosamala kapena kutulutsa mbande osawang'amba, kuti agwirenso ntchito chaka chamawa. Dengu, chitenje ndi thumba losoka kuchokera ku saka yakale zimanyamula katundu wa kumsika monga zinkachitira kale. Mapepala otoledwa pabwalo asayatsire mbaula, pakuti utsi wake umawononga chifuwa cha wophika ndi cha mwana ali kumsana. Asonkhanitsidwe m'saka yomanga pakamwa ndi kusungidwa pamene ziweto sizifika.

Mafunso okambirana pa gulu

1. N'chifukwa chiyani ziweto zimadya mapepala kwambiri m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, ndipo tingakonzeretu chakudya chotani pa nthawi yokolola nshawa ndi soya kuti vutoli lichepe?
2. Kodi pakhomo panu pamalowa mapepala angati a pulasitiki pa sabata? Werengani kwa masiku asanu ndi awiri, ndipo nenani amene mukanatha kuwakana.
3. Kuwola msanga ndi ubwino pa ntchito ziti, ndipo ndi vuto pa ntchito ziti?
4. Ndi zinthu zina ziti zimene mwauzidwa kuti ndi zabwino pa ulimi, zimene mungaziyese pa kamunda kakang'ono musanazigulire munda wonse?

Ntchito ya kunyumba

Ophunzira amene muli pano, gulu lililonse lipange tigalasi titatu ta choyesera choyamba ndi kukwirira zidutswa ziwiri za choyesera chachiwiri kudimba la sukulu, ndipo tsiku lokwirira lilembedwe m'kope. Inu amene munatsiriza maphunziro ndipo muli kumidzi ya Katete, Sinda ndi Vubwi, chitani ntchitoyi ndi ana anu, ndipo itanani ana a anansi awiri kapena atatu. Mukatha, yendani nawo kuzungulira khola, chitsime ndi njira ya kudibi, aliyense ali ndi saka m'manja. M'mera mpoyamba. Pa msonkhano wotsatira wa ophunzira akale bwerani ndi kagalasi kamodzi, chidutswa cha thumba chimene munafukula, ndi kope lanu, kuti tidzayerekeze miyeso ndi kuona uti unagwira bwino m'dera lililonse.